Zithunzi za asilikali a Keyala nazonso zipachikidwe

A Mkonzi,

Sindikugwirizana nazo zoti tizingoonetsa zithunzi za akuluakulu ankhondo achizungu, monga zinalili m'nkhani yanu ija, ngati kuti olimba mtima anali iwo okha.

Agogo anga anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali m'gulu la King's African Rifles, lomwe kuno timati Keyala. Anabwerako ndi mamendulo atatu omwe tikusungabe m'kachitini ka tiyi. Chithunzi chawo ndi chimodzi chokha, ali chilili atavala chipewa chopinda mbali imodzi, ndipo chiswe chadya kale chakumiyendo. Zimandiwawa kwambiri.

Boma liyende m'midzi, lijambulenso zithunzi zoterezi, lilembe mayina a eni ake, n'kuzipachika m'maboma mwathu tsiku lokumbukira asilikali mu Novembala lisanafike.

Mdzukulu wa msilikali,
Kamwendo, Mchinji