Mafakitale aang'ono azigula mapulogalamu a kompyuta m'magawo

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yolimbikitsa mafakitale aang'ono kuyendetsa ntchito zawo pa kompyuta. Masomphenya a Malawi 2063 anaika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zitatu za chitukuko, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti eni mafakitale ambiri akulangizidwa kugula pulogalamu imodzi yaikulu yomata zonse pamodzi, pomwe chowathandiza ndi pulogalamu yomangidwa m'magawo odziimira paokha koma otumizirana uthenga: gawo la katundu wa m'nkhokwe, la malonda, la malipiro a antchito ndi la misonkho.

Taganizirani za kampani yopanga chiponde ku Kanengo kapena ku Makata. Vuto lake loyamba ndi kudziwa kuti mtedza wogayidwa lero unagulidwa kwa yani ndipo walowa m'mabotolo ati, chifukwa a bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS akapeza chuku m'botolo limodzi, mwini kampani amene alibe kaundula wotere amakakamizika kuchotsa chiponde chonse m'masitolo m'malo mochotsa chokhacho chomwe chinapangidwa ndi mtedza woipawo. Kampani yotere iyambe ndi gawo la katundu lokha, antchito alizolowere, kenako iwonjezere gawo lolandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pamene ndalama zalola. Mwini chigayo sefa ikang'ambika amagula sefa ina, sagula chigayo chatsopano. Chimodzimodzi, bungwe la MRA likasintha kalembedwe ka malisiti a VAT, gawo la misonkho lokha ndilo liyenera kukonzedwa, ntchito yopanga katundu ili mkati.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja, yomwe alangizi ambiri amaidumpha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira pulogalamu mwezi ndi mwezi m'madola anaona mtengo ukukwera tsiku limodzi, ngakhale sanawonjezerepo kanthu. Mapulogalamu monga ERPNext ya ku India ndi Odoo ya ku Belgium anamangidwa m'magawo, ndipo ali ndi mitundu yomwe munthu angaike pa kompyuta yake osalipira chiphaso. Sindikunena kuti ndi aulere kotheratu, pakuti woika ndi wosamalira amafuna malipiro, koma malipirowo angapite kwa achinyamata ophunzira m'masukulu a ukachenjede a MUBAS ndi MUST, m'makwacha. Gawo la m'fakitale liyeneranso kugwira ntchito intaneti ikadula kapena magetsi a ESCOM akazima, n'kutumiza zolembedwa zonse zinthu zikabwerera mwakale.

Magawo ali ndi ngozi yake. Akagulidwa kwa anthu osiyanasiyana popanda mgwirizano, thumba limodzi la mtedza limalembedwa ndi mayina atatu ndipo mawerengero sagwirizana. N'chifukwa chake ndikupempha bungwe la boma lotukula mabizinesi aang'ono ndi Unduna wa Zamalonda kuti akamaphunzitsa eni mabizinesi aziwauza kuti asasaine pangano lililonse lisanalembe momveka kuti nambala za katundu zikhala zofanana m'magawo onse, komanso kuti kaundula wa makasitomala ndi wa malonda ndi wa mwini fakitale, ndipo ali ndi ufulu womutenga tsiku lomwe afuna kusiyana ndi wogulitsa pulogalamuyo.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Lilongwe