Chikondamoyo nachonso ndi keke, tisachite nacho manyazi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya makeke a tsiku lobadwa. Kuno ku Mchinji masiku ano mwana akangotsala pang'ono kukwanitsa chaka mayi ake tulo tatha, maganizo onse ali pa keke ya kirimu yolembedwa dzina pamwamba, ena mpaka kukatenga ngongole ku banki mkhonde, chonsecho keke yakeyo ntchito yake yaikulu ndi kujambulitsa basi kuti anthu aone pa WhatsApp. Ndipo siyotchipatu. Tirigu wambiri dziko lino limachita kuitanitsa kunja, ndiye chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 fulawa ndi majarini zinangothawiratu, pomwe chimanga ndi nthochi tili nazo pakhomo pomwe.

Agogo anga akuchikazi tsiku lawo lobadwa salidziwa, amangoti mayi awo anawauza kuti anabadwa chaka cha njala, ija ya 1949. Polembetsa chiphaso cha unzika mu 2017 tsikulo anangoyerekeza. Ndiye pabanja tinagwirizana kuti tizikondwerera mu June, mtedza titakumba m'thumba muli kangachepe. Ulendo wathawu achimwene a ku Lilongwe anabwera ndi keke ya m'shopu, yokongola ndithu sindinganame, yamaluwa maluwa. Agogo analawa kachidutswa, n'kupukuta kirimu ndi chala, kenako akuti, "Mwanawe, izi zikunditsekemera mpaka m'mutu, chigumu palibe?"

Mwayi wake ndinali nditaphika m'mawa, ndipo kaphikidwe kake ndi ka iwo omwe. Tili ana ankaphika chikondamoyo n'kukagulitsa pamsika pa Kamwendo kuti tipeze makope ndi sopo, ife ntchito yathu inali kupemerera moto ndi kulimbirana zam'mbali zopserera zija, mpaka kulirizana. Ufa ukhale wa mgaiwa, woyera umatulutsa chinthu chopanda fungo. Nthochi zikhale zakupsa kwambiri, zija zayamba kuda khungu zoti ena amataya, muzikanye bwinobwino, muthire mazira awiri ngati nkhuku zaikira, kamchere, mafuta pang'ono, shuga wochepa chifukwa nthochi zatsekemera kale. Chinsinsi chili pa chambiko ndi soda, kuwawasa kwa chambiko kukakumana ndi soda ndi kumene kumafufumitsa. Koma soda kasupuni kakang'ono kokha, mukachulutsa chimawawa ndipo chimanunkha ngati sopo, alendo amangotafuna mwaulemu osamaliza.

Pamoto ndi pomwe ambiri amagwa. Pambaula siyani makala ochepa kwambiri pansi, ambiriwo ikani pa chivindikiro pamwamba pa poto, apo ayi pansi papserera m'kati muli phala. Osamangovundukula, mtima m'malo. Fungo likayamba kufika pabwalo bayani pakati ndi mpeni, ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa. Ine ndinawaza mtedza wokazinga wosinja pamwamba, wa kumunda kwathu konkuno, adzukulu n'kubayapo kandulo imodzi poti makandulo a zaka zonse za agogo akanayatsa denga. Tinaimba, azakhali n'kululutira, agogo anadya ndi tiyi wamkaka mpaka kupempha kuti chotsala tiwasungire cha mawa. Keke ya achimwene anamaliza ndi ana, iwowo kirimu sawavuta.

Sindikuti ophika makeke asiye bizinesi yawo ayi, amene ali nazo agule. Pempho langa lili kwa inu akonzi. Maphikidwe amene timawerenga m'manyuzi nthawi zambiri amakhala a uvuni wamagetsi, akuti tenthetsani kufika madigiri akuti, pomwe ambirife kumudzi kuno magetsi tilibe, ndipo a m'tauni nawonso akazima amabwerera pambaula pomwepo. Tatilemberaniko za chikondamoyo, zitumbuwa ndi keke ya pambaula, miyezo yake ikhale ya makapu ndi masupuni osati sikelo. Ndipo amayi a ku Kasungu amene mumasakaniza mbatata m'chigumu, lembani kuno mutiuze kuti mumathira yochuluka bwanji pa makapu atatu a ufa.

Ine wowerenga wanu,
Kamwendo, Mchinji