Za mwana amene wafunsa ngati tikulota

Okondedwa mwa Ambuye,

Sabata yatha mayi wina wa mumpingo mwathu anandipeza nkhope ili yakugwa. Mwana wawo, wobwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, anawafunsa akudya: "Amayi, mukudziwa bwanji kuti panopa sitikulota?" Mayiwo chakudya chinawakanika kukhosi, ndipo anandipempha kuti ndikamupempherere mwanayo. Kupemphera ndipemphera ndithu, koma mwanayu sakudwala.

Funso lakelo ndi lakalekale. René Descartes, katswiri wa masamu wa ku France wobadwa mu 1596, anachita dala kukayikira chilichonse chimene chingakayikidwe. Maso amatinamiza, ndodo yowongoka ukaiviika m'madzi imaoneka yothyoka. Munthu akamalota amakhulupirira kuti ali maso. Anafika poganiza kuti mwina pali mzimu wonyenga umene ukumupusitsa ngakhale akamawerengera kuti 2 kuphatikiza 3 ndi 5. Atagwetsa zonsezo, chinatsala chimodzi: wonyengayo sanganyenge munthu amene kulibe. Mu 1637 analemba mawu odziwika aja: ndikuganiza, choncho ndilipo. Ndimasangalala kuti Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, anali atanena kale zofanana: ngati ndikulakwitsa, ndiye kuti ndilipo.

Pamenepo ndimagwirizana naye Descartes. Pomwe ndimayamba kutsimphina ndi pamene akuchoka pa "ine" kupita kwa Mulungu. Mu 1641 anati munthu wopereŵera sangapeke yekha lingaliro la Wangwiro wopanda malire, ndiye kuti analiikamo ndi Mulungu mwini. Wansembe wina wa nthawi yake, Antoine Arnauld, anamugwira pakhosi: mukudalira nzeru zanu chifukwa Mulungu sanyenga, koma Mulunguyo mwamudziwa ndi nzeru zomwezo, kodi simukungozungulira pamalo amodzi? Anselm nayenso, mmonke amene pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury, zaka mazana asanu ndi theka m'mbuyomo, anati Mulungu, pokhala amene sitingaganize wina womuposa, ayenera kukhalapo, ndipo mmonke Gaunilo anamuyankha kuti ndi njira imeneyo tingathe kutsimikiza chilumba chokoma koposa chimene palibe anachiwonapo.

Sindikunyoza mfundozi. Zimasonyeza kuti wokhulupirira sanataye mutu. Koma pa zaka zonse za ubusa wanga sindinabatizepo munthu chifukwa cha Anselm. Blaise Pascal, katswiri wa masamu nayenso, atamwalira anamupeza ndi kapepala kosokerera m'chijasi chake, kofotokoza usiku wina wa mu 1654. Anali atalembapo kuti Mulungu wa Abrahamu, wa Isake ndi wa Yakobo, osati wa anthu anzeru zakuya.

Tomasi anakhala masiku asanu ndi atatu akukana kukhulupirira kuti Yesu wauka, koma anzake sanamutsekere chitseko. Yesu atabwera anamupeza ali nawo m'nyumba momwemo, namuwonetsa manja.

Choncho makolo, mwana akafunsa zotere musamukalipire, ndipo musathamangire kunena kuti chamulowa chiwanda. Mufunseni kuti afotokoze bwino. Inu achinyamata, Lachitatu likubwerali tikatha mapemphero a madzulo ndidzatsalira m'tchalitchi. Bwerani ndi mafunso anu, ngakhale aja mumaopa kuwatchula pamaso pa akulu ampingo. Mnyamata wa maloto uja walonjeza kale kuti adzakhalapo, ndipo amayi ake akuti adzakhala kumbuyo n'kumamvetsera.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu