Wophunzira makatuni tisamuyeze ndi kanema womaliza yekha

Akonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhulepo za achinyamata omwe akuphunzira kupanga makatuni oyenda. Pa maphunzirowa pamakhala ntchito yomwe wophunzira amapatsidwa chikalata cha malangizo chotchedwa design brief, kenako n'kuuzidwa kuti apange mtengambali wakewake, munthu wa m'katunimo, ndi kumuyendetsa. Makolo, ngakhalenso aphunzitsi ena, amangodikira kanema womaliza. Mitundu ikawala, nyimbo n'kumveka bwino, amati mwana uja waidziwa ntchito. Muyeso umenewu ukuwononga ophunzira, chifukwa ukuwazoloweza kuthamangira zopakapaka. Kupita patsogolo kwa wophunzira kumaoneka m'zoyeserera zake zosakongola zija, komanso pa momwe chilichonse chomwe wasankha chikuyankhira zomwe brief idafunsa.

Tiyambire pa brief pomwepo. Imanena mwini ntchito, anthu omwe adzaonere kanemayo, uthenga wake, kutalika kwake, kukula kwa chithunzi, mafayilo oyenera kuperekedwa ndi tsiku lomaliza. Tiyerekeze kuti yalembedwa motere: kanema wa masekondi 20, wa ana a zaka 6 mpaka 9, wophunzitsa kusamba m'manja, wodzaoneredwa pa foni. Mfundo iliyonse pamenepa ikulamula pensulo. Poti nkhani ndi ya manja, mtengambali akhale ndi manja aakulu ndi zala zooneka bwino. Wa timanja tating'ono tobisika m'malaya walephera kale, kaya akongole chotani. Poti ndi pa foni, chithunzi chikhoza kufunika choimirira, mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, osati chopingasa, ndipo mizere yopyapyala kwambiri idzasowa pa kagalasi kakang'ono. Wophunzira akazindikira izi ntchito ili kumapeto, amayenera kukonzanso kamera ya chochitika chilichonse. Nchifukwa chake sabata yoyamba azilembanso brief m'mawu akeake pa tsamba limodzi, pansi pake aike mafunso a zomwe sizikumveka, apite nawo kwa mphunzitsi asanayatse n'komwe kompyuta.

Kujambula mtengambali kumayamba ndi tizithunzi tambiri tamwachangu, 20 kapena 30, kalikonse kosaposa chala chachikulu. Asankhepo titatu n'kutidetsa bii ndi inki kuti patsale mthunzi wokha. Ngati munthu wina sangathe kunena kuti uyu ndi mwana, uyu ndi nkhalamba, uyu wakwiya, pongoona mthunziwo, mitundu sidzapulumutsa kanthu. Yemwe wapambana ajambulidwe mbali zinayi pa pepala limodzi: kutsogolo, chopendekera pang'ono, chammbali ndi kumbuyo, mizere yopingasa itadutsa pa liwombo, maso, chibwano, mapewa, chiuno, mawondo ndi mapazi kuti msinkhu usasinthe. Msinkhu umayezedwa ndi mitu. Munthu wamkulu weniweni amatalika mitu 7 kapena 8, pomwe mwana wa m'katuni akhoza kukhala mitu 3 yokha. Nambala imeneyi ilembedwe papepalapo. Kawirikawiri mtengambali amayamba ali mitu 3 pa sekondi yoyamba, pofika pa sekondi ya 10 wakula mpaka mitu 4, chifukwa wojambula amatengera chithunzi chomwe wangomaliza m'malo mobwerera ku pepala loyamba lija.

Pano pabwere masamu, omwe ophunzira ambiri amawazemba. Kanema amayenda mafulemu (zithunzi zoonekera motsatizana) 24 pa sekondi, ngakhale wailesi za kanema za m'maiko ambiri zimagwiritsa ntchito 25. Wojambula pamanja nthawi zambiri amasiya chithunzi chimodzi kwa mafulemu awiri, choncho sekondi imodzi imadya zithunzi 12. Masekondi 20 aja ndi zithunzi 240. Malaya a timizeremizere, mabatani 8 ndi ndolo zolendewera zidzajambulidwa ka 240. Wophunzira akachita yekha masamu amenewa, mabatani amatsala awiri popanda womukakamiza. Liwiro la mafulemu nalo lisankhidwe tsiku loyamba, chifukwa kulisintha pakati kumasiyanitsa mawu ndi milomo.

Asanayendetse mtengambali, ayambe wagwetsa mpira. Ena amaiona ngati ntchito yachibwana, koma zingapo mwa mfundo 12 za makatuni oyenda zomwe Frank Thomas ndi Ollie Johnston, akatswiri a ku Disney, adalemba mu 1981 zimakumana mu mpira umenewu. Ukakhala pamwamba, zithunzi zimayandikana chifukwa liwiro lachepa. Ukamatsika, mipata imakulirakulira mpaka kugunda pansi. Pogunda umaphwatalala kwa fulemu imodzi kapena ziwiri, koma kukula kwake konse kusasinthe: ukafupika, unenepe m'mbali. Kudumpha kulikonse kotsatira kumatsika ndipo kumatenga mafulemu ochepa. Mipata ikakhala yofanana, mpira umangoyandama, wopanda kulemera. Pa kompyuta vutoli limabwera lokha, chifukwa pulogalamu imasalaza kayendedwe pa keyframe iliyonse, fulemu yomwe wophunzira waikapo yekha malo a mpira, ndiye mpira umachepetsa liwiro usanafike pansi, zomwe mpira weniweni suchita. Mankhwala ake ali mu graph editor, pomwe pulogalamu imaonetsa kayendedwe ngati mzere: pamalo pogunda, mzere wa kukwera ndi kutsika ukhale wosongoka ngati chilembo cha V, pamwamba pokha ndiye pazungulire. Kenako achite mipira iwiri yofanana kukula ndi mtundu, wina wamphira, wina wachitsulo. Woonera akatha kuloza wolemera popanda kuuzidwa, wophunzirayo wasuntha.

Kuyenda ndiye mayeso enieni, ndipo apa tichedwepo. Sitepe imodzi ya munthu woyenda bwinobwino imatenga pafupifupi mafulemu 12, ndipo ili ndi maimidwe anayi. Pa fulemu 1 chidendene cha kutsogolo chagunda pansi, miyendo yatalikirana. Pa fulemu 4 bondo lapinda polandira thupi, chiuno chatsika kwambiri. Pa fulemu 7 mwendo wakumbuyo ukudutsa mnzake. Pa fulemu 10 zala za kuphazi zikukankha pansi, thupi lakwera kwambiri. Pa fulemu 13 chidendene chinacho chagunda. Masitepe awiri ndi mafulemu 24, ndipo fulemu 25 ndi chimodzimodzi fulemu 1. Wobwereza kayendedweko kuyambira 1 mpaka 25 amadabwa kuona mtengambali akudodoma pang'ono nthawi iliyonse, chonsecho n'chifukwa chithunzi chimodzi chaoneka kawiri. Adule pa 24.

Manja amagwedezeka mosemphana ndi miyendo, mapewa amapotoka mosemphana ndi chiuno, ndipo chiuno chimasunthira ku mwendo womwe wanyamula thupi. Chomalizachi sichioneka ukamangoyang'ana chammbali, ndiye wophunzira azitembenuza kamera n'kuonanso kutsogolo. Phazi lomwe laponda likhale pomwepo mpaka chidendene chitanyamuka. Ngati mtengambali akuyenda pamalo amodzi, phazilo lizibwerera m'mbuyo pa liwiro losasintha, mzere wake mu graph editor uli wowongoka, apo ayi limaoneka likutsetsereka. Bondo nalo limadumpha mwadzidzidzi pa fulemu imodzi mwendo ukawongoka kotheratu pomwe phazi likuyendetsedwa ndi IK, njira yomwe umasuntha phazi bondo n'kutsatira lokha. Atsitse chiuno pang'ono, kapena anyamule chidendene msanga, kuti bondo litsale lopindika pang'ono.

Zonsezi zisachokere m'mutu. Mu 1878 Eadweard Muybridge adajambula kavalo wothamanga ndi makamera ondandalika, zithunzizo n'kuonetsa zomwe diso silinkatha kugwira. Lero foni ikukwanira. Wophunzira adzijambule akuyenda, n'kuonera kanemayo fulemu ndi fulemu, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Asatsate mzere ndi mzere pamwamba pa kanemayo, koma atengemo nthawi ndi pomwe kulemera kwagwera, n'kukokomeza pang'ono. Kuyenda wamba kukatheka, ndiye pabwere khalidwe. Wotopa apatsidwe mafulemu 16 kapena kuposa pa sitepe, mutu uli pansi. Wothamanga apatsidwe 6 kapena 8, thupi litapendekera kutsogolo. Asankhe chiti? Abwerere ku brief.

Omwe akujambula pamanja ndi zida za pa kompyuta monga Krita, OpenToonz kapena Grease Pencil vuto lotsatirali siliwakhudza kwenikweni. Koma a 3D m'mapulogalamu a Blender kapena Maya ali ndi msampha wa rig, mafupa ndi zogwirira zoyendetsera thupi. Pa chigongono ndi pa bondo pakhale mizere yozungulira itatu kapena kuposa, apo ayi chiwalo chimafinyika pochipinda. Mu Blender, scale (muyeso wa kukula) ya thupi ikhazikitsidwe ndi Ctrl+A mafupa asanalumikizidwe. Fupa la mkono likamakoka khungu la m'nthiti, vuto lili mu weight painting, kagawidwe ka khungu lomwe fupa lililonse limakoka, osati m'kayendedwe. Tinene mosapita m'mbali: ngati phunziro likuyesa kayendedwe ndipo malamulo ake akulola, wophunzira asataye mwezi wathunthu pa rig. Atenge yopangidwa kale, awerenge chilolezo chake, atchule mwini wake.

Kanema weniweni asayambe popanda storyboard, tizithunzi ta zochitika zonse motsatana, ndipo storyboard iphatikizidwe ndi mawu kukhala animatic, zithunzi zosayenda zosinthana pa nthawi yake. Apa ndi pomwe zimadziwika kuti nkhani ya masekondi 20 ikudya 35. Kutaya kachithunzi kapensulo sikupweteka, koma chochitika chomwe chadya masabata awiri wophunzira amachikakamira ngakhale chikuononga nkhani. Kenako blocking: maimidwe akuluakulu okha, kompyuta italetsedwa kudzaza zapakati, njira yotchedwa Constant mu Blender, Stepped mu Maya. Mtengambali amangolumpha kuchoka pa kaimidwe kena kufika pa kena. N'zosakoma m'maso, koma ino ndiyo nthawi yoonetsa mphunzitsi. Kodi tikudziwa chomwe mtengambaliyu akuganiza? Asanadumphe wayamba wanyonyomala? Kaimidwe kofunika kakhalitsa mokwanira kuti diso likagwire? Wofulumira kusalaza amasiyira kompyuta kusankha njira ya dzanja, ndipo kompyuta imadutsa njira yachidule, pomwe dzanja la munthu limayenda mokhota. Zotsalira m'mbuyo monga tsitsi, makutu ndi nsonga za zala zichedwetsedwe ndi mafulemu 2 kapena 3.

Milomo ibwere pomaliza. Thupi linene kaye uthenga, kenako chibwano chitseguke pa mawu omveka kwambiri. Pa m, b ndi p milomo itsekeke kwa mafulemu osachepera 2, ndipo pakamwa pazitsogola mawu ndi fulemu imodzi kapena ziwiri.

Ena amagwa pa render, pomwe kompyuta imatulutsa zithunzi zomaliza, ntchito yawo ili yabwinobwino. Masekondi 20 ndi mafulemu 480. Ngati fulemu imodzi ikutenga mphindi 3, ndiye maola 24 kompyuta ikugwira osapuma, ndipo cholakwika chimodzi ndi tsiku linanso lathunthu. Ayese fulemu imodzi nthawi ikadalipo n'kuchulukitsa. Mu Blender, njira ya render yotchedwa Eevee imathamanga kuposa ya Cycles, ndipo pa katuni wa ana woonera pa foni kusiyana kwake sikudandaulitsa. Atulutse zithunzi za PNG chimodzichimodzi, osati kanema mmodzi, kuti pulogalamu ikatsekeka yokha pa fulemu 300 apitirize pomwepo m'malo moyambiranso pa 1. Kuzilumikiza kukhala MP4 ndi ntchito ya mphindi zochepa. Fayilo ikasamutsidwira ku kompyuta ina thupi n'kusanduka lapinki, ndiye kuti zithunzi za khungu ndi zovala zatsala kwina, choncho aziphatikize m'fayilo momwemo asanasamuke. Mafayilo azisungidwa ndi manambala, v01, v02, v03, m'malo awiri osiyana, osati kufufuta yadzulo ndi yalero.

Manambala amenewa ndiwonso umboni womwe tikupempha aphunzitsi anzathu kuti aziufuna. Ikani kuyenda kwa sabata yachitatu pambali pa kuyenda kwa sabata yachisanu ndi chinayi, zonse zotuwa, zopanda nyimbo, zopanda kuwala kwapadera. Phazi lasiya kutsetsereka? Kulemera kukuoneka? Msinkhu ukadali mitu 3? Pa zolemba zomwe zimaperekedwa limodzi ndi kanema, chiganizo choti "ndinasintha manja chifukwa ndinawakonda choncho" chisalandire malikisi ofanana ndi choti "ndinakulitsa manja chifukwa mu animatic zala sizinkaoneka pa foni". Chimodzimodzinso, yemwe wapereka masekondi 20 monga adauzidwira asaposedwe ndi yemwe wabweretsa mphindi ziwiri zamitundumitundu zomwe palibe adazipempha. Gawo lalikulu la malikisi lipite ku brief yolembedwanso, pepala la mtengambali, animatic, blocking ndi zomwe wophunzira adasintha atauzidwa zolakwika. Chilichonse mwa izi chikhale ndi tsiku lake loperekera, blocking isapitirire pakati pa teremu, kuti masabata awiri omaliza atsalire render, mawu ndi kukonza zomwe zavuta.

Ndife,
Aphunzitsi a zojambula ndi makatuni oyenda