Chimbale chija cha malume

Mnzanga,

Kuno tili bwino, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe. Mvula yabwera mochedwa koma tadzala. Kaya iwe kuzizira kwa ku Manchester ukulimbana nako bwanji.

Uthenga wako wandiseketsa mpaka misozi. Ati mzungu wa kuntchito kwanu atamva kuti kwanu n'kufupi ndi Zambia wakufunsa za gulu loyimba la WITCH, iwe n'kungoti kukamwa yasa! Iwe mwana wa ku Mchinji, pamphuno penipeni pa Chipata? Komatu nyimbozo unazimvapo. Wakumbukira chimbale chija malume anabwera nacho pochoka ku migodi ya ku Kitwe, chimene ankatikalipira tikachigwira ndi manja a ndiwo? Chinali Lazy Bones!!, cha 1975. Ife tinkangoti ndi phokoso la azungu, osadziwa kuti oyimbawo anali anyamata a ku Kitwe komweko.

Amene ankatsogolera nyimbo ndi Emmanuel Chanda, koma aliyense amangomuti Jagari. Dzinali linachokera kwa Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones, chifukwa mkuluyu akakwera pa nsanja sankaima malo amodzi: kudumpha, kudzipotola, kukuwa ngati wagwidwa ndi mizimu. Dzina la gululo amalimasulira kuti We Intend To Cause Havoc, kunena kuti tabwera kudzasokoneza. Unali mwayi kuti agogo sankamva Chingerezi, akanadziwa kuti m'nyumba mukulira chimbale cha "mfiti" chikanathera m'chimbudzi tsiku lomwelo.

Mayimbidwe amenewa azungu amati psychedelic rock, a ku Zambia anawatcha Zamrock. Gitala amalidutsitsa m'kachipangizo kosasitsa mawu, ndiye limalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, nyimbo n'kumazungulira pamodzimodzi mpaka mutu kuyamba kuyandama. Jagari anajambula zimbale zisanu ndi gululi. Ziwiri zoyamba, Introduction ndi In the Past, ukamvetsera umachita kumva kuti anyamatawa makutu anali ku London. Lazy Bones!! ndiye chinawatchukitsa. Koma ine mtima wanga uli pa Lukombo Vibes cha 1976, chifukwa mmenemo ng'oma zayamba kuyankhula zakumudzi, gitala n'kumatsatira pambuyo. Nthawi imeneyo n'kuti a Kaunda atalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zizikhala za m'dzikomo, ndiye magulu a komweko anatchuka kwambiri: Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family ya Paul Ngozi uja ankayimba m'Chinyanja.

Chokoma sichikhalitsa. Mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa m'matumba mwa anthu a m'migodi. Nkhondo ya ku Rhodesia itafika mpaka ku Lusaka, boma linaletsa kuyenda usiku, nanga gule ungavine masana dzuwa likuswa mtengo? Disiko nayo inalowa. Chitatuluka chimbale chachisanu mu 1977, Jagari anasiya gululo n'kukaphunzira pa Evelyn Hone College, nakhala mphunzitsi. Anzake anapitiriza ndi disiko mpaka chimbale cha Kuomboka mu 1984. Kenako inafika Edzi. Mwa onse amene anayambitsa gululi, wotsala ndi iye yekha.

Chimene chimandiwawa ndi ichi, aise. Pamene azungu osonkhanitsa zimbale zakale ankalimbirana nyimbo zake, mwini mawu anali m'dzenje kutchire, fosholo m'manja, kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti ana adye. Zinatengera kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles kusonkhanitsa nyimbozo n'kuzitulutsanso mu 2012, kenako Mtaliyana wina, Gio Arlotta, kupanga filimu ya moyo wake imene inatuluka mu 2019. Ife oyandikana nawo tinali kuti? Sindikunyoza azunguwo ayi, anagwira ntchito. Koma manyazi alipo kuti za mnansi wako ukazimvere kwa mlendo, monga zakuchitikira iwemu.

Pano mkuluyu wapitirira zaka 70 koma akudumphabe. Anagwirizana ndi Patrick Mwondela, amene ankaliza kiyibodi m'nthawi ya disiko ija, pamodzi ndi achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2023 anatulutsa Zango, patatha zaka 39 gululi lisanatulutse chimbale chatsopano, ndipo mu 2025 kunabwera Sogolo. Eya, tsogolo lathu lomweli. Mawu ake akalamba, sakufika pamwamba ngati kale, koma ine ndawakonda choncho.

Ndiye mzunguyo ukamuuze zimenezi mawa, usaiwale kutchula kuti chimbale chenichenicho unachigwirapo ndi manja ako. Akakufunsa kuti chili kuti, usinthe nkhani. Ndinakafufuza kumudzi mwezi watha, azakhali akuti adzukulu anachisandutsa chiwongolero cha galimoto yamawaya kalekale.

Ukamva kuti akudzayimba kufupi ndi kwanuko, pita, ngakhale shifiti ya usiku ikuphonye. Undigulireko Lukombo Vibes, udzabwere nacho pa Khirisimasi. Choyimbira ndibwereka. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.