Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Teremu yoyamba yatha ndipo malipoti tawapatsa ana. Chonde muwaone ndi maso anu, musangomva za m'kamwa mwa mwana. Tikuthokoza amayi amene amalawira m'mamawa kudzaphika phala, komanso komiti ya sukulu chifukwa chotiyendera pafupipafupi.

Chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi kujomba. M'mwezi wa Novembala anyamata ambiri a Sitandade 6 ndi 7 sankaoneka m'kalasi. Titafufuza tinapeza kuti ena ali ku doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, akukoka matemba ndi masikito, ena akukankha njinga za makala kuchokera m'mphepete mwa phiri la Zomba. Sindikunyoza munthu, ndikudziwa kuti nyengo ino ufa umasowa m'nyumba zambiri. Koma ntchito ziwirizi zikupha nyanja yomwe imatidyetsa tonse.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiponso si yakuya. Chilichonse chimene Likangala, Domasi ndi Thondwe anyamula chimakakhala momwemo. Mitengo ikatha kuphiri, mvula imagwa pa nthaka yambee, madzi onse n'kutsika tsiku limodzi ali ofiira ndi dothi. Dothilo limakakwirira nyanja, ndipo pofika chilimwe mitsinje imakhala itauma. Agogo athu akukumbukira kuphwa kwa 1968 ndi kwa 1995. Za 2018 tinaziona tokha, mabwato ali gone pamatope ong'aluka.

Ena anena kuti Chilwa amaphwa kuyambira kale mvula ikachepa, ndipo amadzazanso. Zoona. Koma nsomba zimabwerera chifukwa makumba, milamba ndi matemba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje mpaka madzi atabwera. Tikalima mpaka m'mphepete penipeni mwa mtsinje, kenako n'kuthira katupe, mankhwala ophera nsomba, m'maiwemo, mbewu ya nsomba ichokera kuti? Masikito nawo sasankha. Mtsikana wina anabwera ndi ndiwo zake kusukulu, tinsomba take tochepa ngati njere za mpunga, toti sitinaswane n'komwe. Kunyumba kwawo neti yapita kunyanja, iye akugona osafunda kanthu, ndipo teremu ino wajomba kawiri ndi malungo.

Tili ndi dandaulo linanso. Mitengo ya mtangatanga ndi mthethe imene ana anadzala kuseri kwa makalasi, wina anabwera usiku n'kudulako. Ana amene ankaithirira ndi zigubu chilimwe chonse anapeza zitsa m'mawa. Sindinadziwe choti ndiwauze. Nkhaniyi tinaitula kwa mfumu, ndipo mbuzi zopezeka m'nkhalango ya sukulu zizikatengedwa kumeneko.

Nyengo yodzala mitengo iyamba pa 15 Disembala. Tikupempha kuti potsegulira mwana aliyense adzabwere ndi mbande imodzi. Ya mango, ya mbawa kapena nsungwi, zonse tilandira, koma bulugamu ayi, chifukwa malo amene mfumu yatipatsa ali pafupi ndi mtsinje ndipo mtengowu umamwa madzi kwambiri. Nkhuni za phala zikhale nthambi zouma, osati mtengo wauwisi. Amayi ena adzationetsa kuumba chitetezo mbaula pa msonkhano wa makolo sabata yoyamba.

A Sitandade 8 asaiwale kuwerenga patchuthi pano. Tsiku lotsegulira talilemba pa lipoti la mwana aliyense.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu