Kalata yopita ku Joni

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvetsera katatu. Nkhani ya kumwa mowa kwa mng'ono wanu si yoyankha mothamanga, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Kuno tili bwino. Mwera wavuta, alovi angokhala padoko, usipa wakwera mtengo, ndipo mukudziwa nokha kuti nyengo ngati ino mashabini amadzaza dzuwa lisanafike paliwombo.

Mwafunsa kuti ine ndinasiya bwanji mowa, komanso ngati ku Mangochi kuno kuli koti munthu n'kupita kukapeza thandizo. Kulipo, koma chikwangwani simungachione. Ine ndinayambira kuchipatala, osati mwa kufuna kwanga. Nditayesa kusiya ndekha, tsiku lachiwiri manja ankanjenjemera moti kapu ya tiyi inandikanika, usiku ndinkaona tizilombo tikuyenda pakhoma, kenako ndinagwa ngati wakhunyu. Alamu anu ndi amene anathamanga nane pa kabaza. Namwino woona za matenda a maganizo anandiuza kuti munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sayenera kusiya mwadzidzidzi popanda mankhwala, chifukwa masiku 2 kapena 3 oyambawo akhoza kumupha. Ndiye mawu aja munamukalipira nawo mnyamatayu pafoni, akuti asiye lero lomwe, muwabweze. Ayambe waonana ndi achipatala.

Namwino yemweyo ndiye anandilembera pakapepala tsiku ndi malo. Timakumana Loweruka lililonse 3 koloko masana, m'kalasi ina imene anatibwereka tsidya lino la mlatho wa Bakili Muluzi. Tsiku loyamba ndinazungulira kawiri konse pansanja ya wotchi ija, kuopa kuti wina andiona ndikulowa. Taganizani, munthu amene ndinkagona m'ngalande msika wonse ukuona, manyazi anadzandigwira pokafuna thandizo!

Tikachuluka timakwana 9. Pali alovi, wakabaza, mayi wina wogulitsa nsomba zowamba amene poyamba ankatcheza yekha kachasu, ndi bambo wina amene anagwirapo ntchito konko ku Johannesburg. Iwowo ndi amene anabwera ndi kachitidweka. Anakaona kumeneko ku gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pomwe zidakwa ziwiri zinaona kuti zikamakambirana chibaba chimachepa. Ife sitinalembetse kulikonse, tangobwerekako nzeru zake. Palibe wolalikira, palibe wolipiritsa, aliyense amayankhula za iye mwini, ndipo zonenedwa m'kalasimo zimatsala momwemo. Sitilumbira kuti sitidzamwanso mpaka imfa. Timangoti lero lokha. Asilamu ndi Akhristu timakhala benchi imodzi, ndipo ndaona kuti amene amavutika kwambiri ndi anzathu omwera mobisa, poti kwawo ngakhale kutchula mowa n'kosatheka. Wina anatiuza kuti kwa zaka 6 ankatafuna adyo asanalowe m'nyumba. Tinaseka mpaka misozi, iyenso anaseka, kenako analira.

Ndisakunamizeni kuti gululi ndi mankhwala. Miyezi yanga inali itakwana 5 pamene ndinagwanso pa ukwati wa kwa Makawa. Lolemba m'mamawa wakabaza uja anafika pakhomo, osandifunsa kanthu, tinangokhala pakhonde mpaka matsire atatha. Abusa anandipempherera, ankolo anandilangiza, zonsezo n'zabwino, koma amene amadziwa mmene kukhosi kumaumira ukalandira ndalama ya ganyu ndi chidakwa chinzako. Panopa ndili pa mwezi wa 14.

Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo, ndipo kachasu sanachoke m'midzi. Mng'ono wanu amamwa zonse ziwiri. Akakhala kuti zamupitirira, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu okodwa ndi mowa, komanso chipatala chino chimatha kutumiza munthu ku Zomba Mental. Dzina limenelo amayi anu asachite nalo mantha, sikuti aliyense wopita kumeneko ndi wamisala. Koma tisafike kumeneko tisanayese zapafupi.

Pempho langa ndi la ndalama. Ija mumatumiza pa Mukuru m'dzina lake siifika ngakhale pachigayo. Muzitumiza kwa amayi kapena kwa achemwali anu a ku Namwera, ndipo mumuuze nokha chifukwa chake, asamve kwa ena. Ine Loweruka ndidzera kwawo ngati ndikupita kukaona maukonde. Sindikamukoka dzanja. Ndikangomufotokozera za tizilombo ta pakhoma tija, poti ndamva kuti nayenso wayamba kugona nyali ili chiyakire. Akakana, ndidzapitanso Loweruka linalo.

Chinanso, achimwene, musandikwiyire. Uthenga wanu uja unalowa 2 koloko usiku, lilime likulemera, kumbuyo kukumveka mabotolo. Tinayambira limodzi kumwa padoko la Malindi tili anyamata, ndiye mawu amenewo ndimawadziwa. Bambo aja akuti ku Johannesburg misonkhano ya Alcoholics Anonymous ilipo yambiri, ndipo pakhomo safunsa pasipoti kapena pepala lililonse. Mundiuze dera limene mukukhala tsopano, ndikawafunse wapafupi.

Amayi ndinawaona Lachisanu akuchokera kumsika, mwendo uja wayamba kupondeka.

Ndine mnzanu,
wa kwa Mponda